Philodendron ndi root beer: za mizu, madzi ndi zamoyo za m'botolo

Chidutswa cha philodendron, chomera chosunga m'nyumba, chomwe chaviikidwa m'madzi kuti chimere mizu, ndi botolo la root beer wophika pakhomo, chakumwa chotsekemera cha mizu ya zomera, lomwe latsekedwa kuti ligwire mpweya, zonse ziwiri zimadikira masiku angapo pamalo ofunda. Zikaonongeka, gwero lake limakhala lofanana: mwini wake amangoona madzi, n'kuiwala kuti m'madzimo muli zamoyo zomwe zikupuma, kudya ndi kuswana. Pa chomera, tizilombo timeneti timawoletsa tsinde tikachuluka. Pa chakumwa, yisiti ndiye wantchito wamkulu, koma amafunika kumuimitsa asanamalize ntchito yonse, apo ayi botolo liphulika.

Chomera chokonda mtengo

Dzina loti philodendron linachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kukonda ndi mtengo. Katswiri wa zomera wa ku Austria, Heinrich Wilhelm Schott, ndiye anakhazikitsa gululi m'mabuku a sayansi mu 1829. Lili m'banja la zomera lotchedwa Araceae, ndipo mitundu yake yodziwika ndi yoposa 450. Kwawo ndi m'nkhalango zotentha za ku America, kuyambira ku Mexico, zilumba za Caribbean, mpaka ku Brazil ndi kumpoto kwa Argentina.

Kudziwa kakhalidwe kake m'nkhalango kumachepetsa mafunso ambiri a kasamalidwe. Mitundu yochuluka siikhala m'dothi lolemera. Ina imamera pansi n'kuyanga pa thunthu la mtengo kufuna kuwala, ina imamera pamwamba pa nthambi n'kugwetsa mizu yaitali mpaka ifike pansi. Mizu yake inazolowera makungwa onyowa, masamba owolerana ndi mvula yomwe imagwa yambiri koma n'kutsetsereka msanga. Ndi mizu yofuna chinyezi ndi mpweya nthawi imodzi.

Mitundu yomwe anthu amasunga m'nyumba tingaigawe patatu potengera kakulidwe. Pali yoyanga, monga Philodendron hederaceum wa masamba ooneka ngati mtima, pamodzi ndi abale ake otchedwa Brasil, wa mzere wachikasu pakati, ndi micans, wa masamba ofewa ngati veleveti. M'gulu lomweli muli Philodendron erubescens wa ku Colombia, kholo la Pink Princess. Pali yokwawa pansi, monga Philodendron gloriosum, yemwe tsinde lake limagona pamwamba pa dothi ndipo limawola mukalikwirira. Pali yoima yokha, ya mfundo zothithikana, monga Birkin. Kuchulukitsa kwake kumasiyana potengera magulu amenewa.

Mayina ogulitsira amasokoneza. Monstera deliciosa, wa masamba ong'ambikang'ambika, ambiri amamutchula philodendron koma ndi wa gulu lina. Pothos, yemwe dzina lake lenileni ndi Epipremnum aureum, amafanana kwambiri ndi hederaceum. Pofuna kuwasiyanitsa, yang'anani tsamba latsopano. La philodendron woyanga limatuluka litafundidwa m'kachikopa kopyapyala komwe kamauma n'kugwa, pomwe la pothos limatuluka m'kaphesi ka tsamba lakale, ndipo kaphesiko kali ndi ngalande. Ngakhale chomera chachikulu chomwe chinkadziwika kuti Philodendron selloum, akatswiri ena anachisamutsira ku gulu la Thaumatophyllum mu 2018, pamodzi ndi Xanadu.

Kuwala, dothi ndi madzi

Mawu oti philodendron amakhala bwino mumdima aononga zomera zambiri. Amapirira kuwala kochepa, inde, koma sakula bwino. Mukaona mtunda wa pakati pa mfundo ukutalika, masamba atsopano akutuluka aang'ono kuposa akale, kapena mawanga a Brasil akuzimirira, ndiye kuti kuwala kwaperewera. Malo abwino ndi pafupi ndi windo lolowa dzuwa la m'mawa, kapena mita imodzi kapena ziwiri kuchokera pa windo lowala kwambiri lomwe lili ndi katani yopyapyala. Dzuwa la masana likamenya tsamba mwachindunji limasiya zigamba zotuwa zomwe kenaka zimauma ngati pepala, ndipo zigambazo sizichira.

Dothi lokumba panja lokhalokha siligwira ntchito mumphika, chifukwa likathiriridwa kangapo limagwirana n'kutseka timipata ta mpweya. Msakanizo wodalirika ndi uwu: magawo awiri a ulusi wa makoko a kokonati kapena dothi logula la m'miphika, gawo limodzi la makungwa a paini oduladula kukula ngati chikhadabo, ndi gawo limodzi la timiyala topepuka totchedwa perlite kapena ta pumice. Makala ochepa ophwanyaphwanya amathandiza kuti msakanizo usagwirane. Kuuyesa n'kosavuta: unyowetseni, finyani m'dzanja, tambasulani. Ukayoyoka uli bwino, ukakhala chibuma onjezerani makungwa. Chomerachi chimakonda dothi la asidi pang'ono, la pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5.

Mphika ukhale ndi mabowo pansi, ndipo usapose mpira wa mizu ndi masentimita oposa 3 mpaka 5 m'mimba mwake. Mphika waukulu kwambiri umasunga dothi lonyowa lomwe mizu siifikako, ndipo kuwola kumayambira m'dothi lopanda mizu limenelo. Kuika miyala pansi pa mphika wopanda mabowo sikuthandiza. Kumangokweza madzi osungika kufupi ndi mizu.

Pa kathiridwe, musadalire tsiku la pa kalendala. Pisani chala m'dothi masentimita 3 mpaka 5. Mukapeza mouma, thirani mpaka madzi atuluke pansi, dikirani mphindi khumi, tayani otsalira m'mbale. Kuthira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu ya pansi n'kumafa ndi ludzu. Chimene chimapha mizu m'dothi lonyowa mosalekeza ndi kusowa kwa mpweya wa okosijeni. Muzu wobanika umafa, ndipo tizilombo ta mtundu wa Pythium timalowa pa minofu yakufayo. Apa pali msampha: chomera chowola mizu chimafota ngati chaludzu, chifukwa chilibenso mizu yomwera madzi, ndiye mwini wake amathiranso. Chomera chikafota dothi lili lonyowa, chizuleni muone. Mizu yamoyo imakhala yolimba, yoyera kapena yofiirira pang'ono. Yowola imakhala yakuda, yofewa, yonunkha, ndipo khungu lake limavuka mukaikoka n'kusiya kaulusi.

Kutentha koyenera ndi madigiri 18 mpaka 29. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 13, masamba amayamba kuonongeka. Feteleza wosungunula m'madzi, pa theka la muyeso wolembedwa pa paketi, kamodzi pa mwezi m'nyengo yomwe chomera chikutulutsa masamba, ndi wokwanira. Nsonga za masamba zikayamba kupsa ndipo pamwamba pa dothi pakuoneka zoyera ngati mchere, tsukani dothi pothira madzi ochuluka katatu kuposa kukula kwa mphika.

Mitundu yoyanga imasintha modabwitsa ikapeza chokwerapo. Mukaimika mtengo wokutidwa ndi ndere za sphagnum kapena ulusi wa kokonati, n'kumangirira tsinde kuti mfundo zikhudze mtengowo, mizu ya m'mwamba imagwira ndipo tsamba lililonse latsopano limakulirakulira. Chomera chomwecho chikasiyidwa kulendewera, masamba amangocheperachepera. Mangani tsinde lokha, musamange kaphesi ka tsamba, chifukwa kamafunika kutembenuka potsata kuwala.

Kuchulukitsa: zonse zili pa mfundo

Mfundo ndi malo otupa pang'ono pa tsinde pomwe tsamba limalumikizana nalo. Pamenepo pali zinthu ziwiri: timabuthu ta mizu ya m'mwamba, ndi diso logona, lomwe limakhala pamwamba pang'ono pa polumikizira tsamba. Mizu yatsopano imachokera pa timabuthuto, mphukira imachokera pa diso. Tsamba lodulidwa ndi kaphesi kake kokha, lopanda kachigawo ka tsinde, likhoza kukhala lobiriwira m'madzi kwa miyezi, koma silidzakhala chomera. Ogula zidutswa za mitundu yodula ayenera kuyang'ana diso asanayang'ane kukongola kwa tsamba.

Yambani ndi chomera chathanzi chomwe mwachithirira dzulo lake. Pukutani mpeni kapena lezala ndi spiriti wa 70 peresenti, ndipo bwerezani mukamachoka pa chomera china kupita pa china, chifukwa mabakiteriya owoletsa amayenda pa mpeni. Sizasi yobuntha imatswanya tsinde m'malo modula, ndipo malo otswanyika ndi omwe amayamba kuwola. Dulani sentimita imodzi kapena ziwiri pansi pa mfundo. Kwa hederaceum, chidutswa cha masentimita 10 mpaka 15 chokhala ndi mfundo ziwiri kapena zitatu n'chabwino. Chotsani tsamba la m'munsi, siyani limodzi kapena awiri pamwamba. Mitundu ya tsinde lonenepa, monga erubescens, isiyeni pa mthunzi ola limodzi kapena awiri kuti bala liume. Ya tsinde lowonda siifuna kudikira nthawi yaitali, imafota.

Kumeretsa m'madzi ndi njira yomwe ambiri amayambira, chifukwa zonse zimaoneka. Mfundo imire, masamba onse akhale kunja. Tsamba lomira limawola m'masiku ochepa n'kusandutsa madzi chakudya cha mabakiteriya. Sinthani madzi pakapita masiku atatu kapena anayi, kapena msanga akayamba kuchita mbuu. Cholinga chosinthira ndi kubwezeretsa mpweya womwe chidutswa ndi tizilombo tamaliza, choncho kungoonjezera madzi pamwamba sikukwanira. Pa madigiri 22 mpaka 27, mizu ya hederaceum imaoneka pakati pa masiku 10 ndi 21. M'chipinda chozizira imatha kutenga mwezi ndi theka, ndipo nthawi yonseyo bala limakhala lotseguka kwa tizilombo. N'chifukwa chake zidutswa za nyengo yozizira zimawola kawirikawiri.

Musachedwe kuwokera. Mizu ikafika masentimita 3 mpaka 5, makamaka ikayamba kuchita nthambi, nthawi yakwana. Mizu yokulira m'madzi imakhala yofewa ndi yothyoka msanga, ndipo ikatalika kwambiri imavutika kuzolowera dothi. Wokerani mumphika waung'ono, sungani dothi lonyowa pang'ono mosalekeza kwa milungu iwiri, kenaka yambani kulola kuti pamwamba pauma. Kuti mphika udzadze bwino, ikani zidutswa zinayi kapena zisanu pamodzi, chifukwa chidutswa chimodzi chimangotulutsa chingwe chimodzi.

Njira yomwe imapereka mizu yolimba kuposa ya m'madzi ndi ya ndere za sphagnum. Ziviikeni mphindi 15, finyani mpaka madzi asiye kudontha, ikani momasuka m'kapu yoonekera mkati, ndipo kwirirani mfundo pang'ono. Kufinyako n'kofunika kwambiri: ndere zonyowa mopitirira ndi zoopsa kuposa madzi enieni, chifukwa sizisinthidwa. Perlite wonyowa, wokhala ndi madzi sentimita imodzi pansi pa kapu, amagwiranso ntchito bwino, ndipo savuta kuchotsa ku mizu powokera. Tsinde lopanda masamba likhozanso kuduladulidwa kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo imodzi. Zigonekeni pa ndere diso litaloza kumwamba, m'bokosi lapulasitiki lotseka, ndipo tsegulani mphindi zingapo tsiku lililonse kuti mpweya usinthe. Popeza zilibe tsamba lopangira chakudya, zimadalira nkhokwe ya m'tsinde, motero mphukira imatha kutenga milungu inayi mpaka isanu ndi itatu.

Pa chomera chamtengo wapatali, chomwe simungalole kuchitaya, meretsani mizu musanadule. Kulungani ndere zonyowa kuzungulira mfundo yomwe ili ndi kabuthu ka muzu, kutani ndi pulasitiki yoonekera, mangani pamwamba ndi pansi, boolani timabowo tochepa. Nsongayo imapitiriza kudyetsedwa ndi chomera chachikulu pamene ikumera mizu. Mukaona mizu itazungulira mkati mwa pulasitiki, kawirikawiri pakatha milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi, dulani m'munsi mwake n'kuwokera. Chitsa chotsalacho musachitaye. Nsonga ikachoka, mankhwala a auxin omwe amagonetsa maso a m'munsi amachepa, ndipo diso lapamwamba limadzuka. Chepetsani madzi pa chitsacho, chifukwa chilibe masamba ambiri omwa.

Gloriosum amadulidwa pa tsinde lake logona, chidutswa chilichonse chili ndi mizu ndi diso, n'kuchigoneka pamwamba pa dothi mumphika wautali ngati bwato. Mitundu yoima yokha imavuta kudula chifukwa mfundo zake ndi zothithikana, choncho njira yabwino ndi kudikira ana omera m'mbali, n'kuwapatula akakhala ndi masamba atatu ndi mizu yawoyawo. Pa mitundu yamawanga monga Pink Princess, mtundu wa mphukira umatsata chigawo cha tsinde chomwe diso lakhalapo. Diso lomwe lili pa mzere wobiriwira wokhawokha limatulutsa masamba opanda pinki, ndipo lomwe lili pa pinki yekhayekha limatulutsa masamba opanda zobiriwira, osatha kudzidyetsa. Sankhani diso lomwe mizere iwiriyi ikudutsapo.

Chidutswa chikayamba kuda m'munsi, musadikire. Dulani mpaka mufike pa mnofu woyera wopanda kadontho kofiirira pakati, pukutani mpeni pa kudula kulikonse, tsukani kapu ndi sopo, yambiraninso. Kuwola kofewa, konunkha, kofalikira m'tsiku limodzi ndi kwa mabakiteriya omwe alimi amawatchula Erwinia, ndipo chidutswa chotere n'chotaya. Pa tizilombo tooneka, kodikodi amabisala m'tizikopa touma ta masamba, choncho tizichotsedwa, ndipo iye amafa mukamukhudza ndi thonje la spiriti. Akangaude ofiira amakonda mpweya wouma ndipo amasiya timadontho totuwa. Koma timadontho tonyezimira tomata kuseri kwa tsamba ndi pa kaphesi nthawi zambiri si matenda: philodendron ali ndi timabowo totulutsa timadzi totsekemera tomwe m'nkhalango timakopa nyerere.

Kumene root beer anachokera

Root beer ndi chakumwa cha ku North America, ndipo dzina lake limangotanthauza mowa wa mizu. Muzu wake weniweni ndi wa mtengo wa sassafras, Sassafras albidum, womwe umamera kum'mawa kwa dera limeneli. Ndi mtengo wodziwika ndi masamba a maonekedwe atatu pa nthambi imodzi: lozungulira, la chala chimodzi m'mbali, ndi la nsonga zitatu. Eni nthaka a kumeneko ankawiritsa khungwa la muzu wake ngati mankhwala kalekale Azungu asanafike, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 sassafras ankatumizidwa ku Ulaya m'zombo pokhulupirira kuti amachiza chindoko. Atsamunda anaphatikiza nzeru imeneyi ndi chizolowezi chawo chofulula mowa wopepuka wa pakhomo, wa shuga kapena molasesi ndi yisiti, womwa tsiku ndi tsiku.

Yemwe anausandutsa malonda aakulu ndi Charles Elmer Hires, wogulitsa mankhwala wa ku Philadelphia, yemwe anauonetsa pa chionetsero chokumbukira zaka 100 za ufulu wa United States mu 1876. Poyamba ankagulitsa paketi ya mizu ndi zitsamba zouma pa masenti 25, yokwanira kupanga magaloni asanu, ndipo wogula ankawiritsa yekha, n'kuthira shuga ndi yisiti kunyumba. Root beer wa Barq's anayambira ku Biloxi, Mississippi, mu 1898, ndipo ndi mmodzi mwa ochepa omwe ali ndi caffeine. Mu 1919 Roy Allen anatsegula malo ogulitsira root beer ku Lodi, California, ndipo atagwirizana ndi Frank Wright panabadwa dzina la A&W. Mu 1919 momwemo root beer wa IBC anayamba ku St. Louis. Lamulo loletsa mowa lomwe linagwira ntchito kuyambira 1920 mpaka 1933 linakulitsa msika wa chakumwachi kwambiri.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1960. Mafuta a m'khungwa la muzu wa sassafras ambiri mwa iwo ndi mankhwala otchedwa safrole, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti makoswe odyetsedwa safrole wambiri amadwala khansa ya chiwindi. Bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linaletsa safrole ndi mafuta a sassafras m'zakudya. Kuyambira pamenepo opanga amagwiritsa ntchito sassafras wochotsedwa safrole kapena zokometsera zina. Fungo lomwe anthu ambiri lero amati ndi la root beer kwenikweni ndi la kachomera kotchedwa wintergreen, lochokera ku methyl salicylate, yemwe amapezekanso m'khungwa la mtengo wa sweet birch. Popeza mankhwala omwewa ali m'mafuta ambiri opaka pa minofu yopweteka, omwe sanakule ndi chakumwachi akachilawa koyamba amati chikununkha mankhwala. Thovu lokhalitsa lija, lomwe kale linkathandizidwa ndi kutelera kwa sassafras, tsopano limachokera ku khungwa la mtengo wa quillaja wa ku Chile kapena ku yucca.

Kuphika malita anayi

Wophika pakhomo angachite bwino kusiya sassafras wosayeretsedwa, n'kumanga kukoma kwake pa sarsaparilla, muzu wa chomera choyanga cha gulu la Smilax. Pa malita anayi, muyeso woyambira wabwino ndi magalamu 20 a sarsaparilla wouma, magalamu 15 a jinja wamuwisi, magalamu 5 a muzu wa licorice, magalamu 8 a masamba ouma a wintergreen, kamtengo kamodzi ka sinamoni, nyenyezi imodzi ya star anise, supuni yaikulu imodzi ya vanila, magalamu 380 a shuga ndi masupuni aakulu awiri a molasesi. Molasesi ndi amene amadetsa mtundu, koma akachuluka amaphimba zonse. Licorice amatsekemeretsa ndi kulemeretsa chakumwa pa lilime, koma ali ndi glycyrrhizin yemwe amakweza kuthamanga kwa magazi, choncho odwala BP ndi amayi oyembekezera amusiye. Gwiritsani ntchito masamba a wintergreen, osati mafuta ake okhaokha: supuni yaing'ono imodzi ya mafutawo ikhoza kupha mwana.

Ikani mizu ndi sinamoni m'malita awiri a madzi ozizira, tenthetsani mpaka ayambe kuwira, chepetsani moto, vindikirani, ndipo zibwadamuke pang'onopang'ono kwa mphindi 30 mpaka 40. Kuwiritsa mwamphamvu kapena kupitirira ola kumatulutsa kuwawa kwa makungwa. Wintergreen ndi star anise alowe moto utazimitsidwa, poto ali wovindikira, kwa mphindi 20, chifukwa fungo lawo limathawa ndi nthunzi. Sefani kawiri pa nsalu yothina. Tizidutswa totsalira timakhala poyambira thovu, ndipo timachititsa chakumwa kusefukira botolo likatsegulidwa. Sungunulani shuga ndi molasesi madzi akadali otentha, onjezerani malita awiri a madzi ozizira owiritsa kale, kenaka vanila.

Pofika apa pali njira ziwiri. Yosavuta ndi yopanda chiopsezo ndi kusathira malita awiri omalizawo, n'kuwiritsa madzi a mizu ndi shuga mpaka atsale pafupifupi lita imodzi ya manyuchi, omwe mumasunga m'firiji n'kumasakaniza gawo limodzi ndi magawo atatu a madzi a soda. Mulibe yisiti wopanga mowa, ndipo ndi yoyenera ana komanso onse osamwa mowa.

Njira yachikale ndi ya yisiti. Dikirani chakumwa chizizire kufika madigiri 24 mpaka 27, chifukwa kutentha kwambiri kumafooketsa kapena kupha yisiti. Theka la galamu, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a supuni yaing'ono, likukwanira malita anayi onse. Yisiti wofululira mowa wa ale ndi wabwino chifukwa amagona msanga akazizidwa. Wa buledi amagwira ntchito koma amasiya fungo la mtanda. Yisiti wa champagne amapirira kuzizira, motero amapitiriza kudya ngakhale m'firiji. Thirani m'mabotolo otsukidwa bwino, siyani mpata wa masentimita asanu pamwamba, tsekani zolimba.

Masamu ake ndi omwe amasonyeza kuopsa kwake. Yisiti akadya shuga amamugawa pafupifupi pakati ndi pakati kukhala mowa ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi. Kuti chakumwa chithethereke bwino pamafunika magalamu 5 kapena 6 a mpweyawu pa lita, kutanthauza kuti yisiti adye magalamu 10 mpaka 12 okha a shuga. Koma m'lita iliyonse muli shuga wokwana pafupifupi magalamu 100. Yisiti sadziwa polekera, ndipo akasiyidwa amapanga mpweya wochuluka kangapo kuposa womwe galasi lingapirire. Ichi n'chifukwa chake oyamba kumene ayenera kugwiritsa ntchito mabotolo apulasitiki omwe munali zakumwa za mpweya. Afinyeni m'mawa ndi madzulo. Pa madigiri 20 mpaka 24 amalimba pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, ndipo kukatentha amatha kulimba m'maola 12. Botolo likangokana kubonyoka, onse alowe m'firiji nthawi yomweyo. Ogwiritsa ntchito galasi asankhe mabotolo okhuthala opangidwira mpweya, adzaze limodzi lapulasitiki loyesera, ndipo onse akhale m'bokosi lotseka. Firiji imangochedwetsa yisiti, siimupha, choncho imwani m'milungu iwiri. Mowa womwe umapangika ndi pafupifupi theka la peresenti imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo umakwera tsiku lililonse lomwe botolo lachedwa panja.

Chakumwa chikakana kugwira mpweya, ndiye kuti yisiti anali wakale, anathiridwa m'madzi otentha, chipinda n'chozizira, kapena chivindikiro chikutulutsa. Chikachita asidi kapena kutanuka ngati ulusi pothira, mabakiteriya analowa kudzera m'ziwiya zosatsuka bwino, ndipo n'chotaya. Zoyera zokhazikika pansi ndi yisiti chabe. Thirani mofatsa, musiye sentimita yomaliza m'botolo.

Botolo lagalasi lofiirira likatha ntchito limakhala labwino kumeretseramo philodendron, chifukwa limatchinga kuwala ndipo ndere zobiriwira sizimera msanga m'madzi. Litsukeni ndi madzi otentha ndi sopo mpaka fungo lonse lithe, popeza kashuga kotsalira kamadyetsa mabakiteriya omwe amawoletsa chidutswa m'masiku awiri. Pa chifukwa chomwecho, root beer wotsala asathiridwe mumphika: shuga amakoka madzi kuchoka m'mizu, amameretsa chuku ndi kuitana timantchentche ta m'dothi. Khosi la botolo ndi lopapatiza, choncho tulutsani chidutswa mizu isanapose masentimita asanu, ikadali yotha kudutsa osathyoka. Botolo lomwe mwakhala chidutswa lisabwererenso ku zakumwa, ndipo muzu wa philodendron, ngakhale utaoneka wonenepa ndi woyera chotani, usalowe mumphika wophikira. Chomera chonsechi chili ndi timasingano ta calcium oxalate tomwe timalasa ndi kutupitsa milomo, lilime ndi kukhosi, kwa anthu, agalu ndi amphaka omwe. Utomoni wake umayabwitsanso khungu la anthu ena, choncho valani magolovesi podula, ndipo mpeni wa zomera ukhale ndi malo akeake kutali ndi wodulira jinja.